Kachingwe ndi Wotchi Yotsogola

Dzina loti Kachingwe anamupatsa ndi bambo ake, ndipo lamukakamira mpaka lero ali ndi zaka makumi anayi. Bambowo anali wokonza mawailesi. Anali ndi kachipinda kumapeto kwa mzere wa mashopu, pakati pa wometa tsitsi ndi wosoka nsapato, ndipo mkatimo munkanunkha mtovu wosungunuka ndi fumbi lotentha. Mwana wawo mmodzi yekhayo ankakhala pansi pa tebulo n'kumatola tizingwe tofiira ndi takuda timene tinkagwa, n'kumatimanga m'mitolo. Makasitomala akafunsa kuti mwanayu ndi wa ndani, bambowo ankayankha osadzutsa mutu kuti ndi kachingwe kawo kotsala, kamene sanakapezere pokalumikiza.

Mayi ake anamwalira iye ali kusekondale, ndipo kuyambira pamenepo nyumba yawo inakhala ya anthu awiri osakonda kulankhula ndi mawailesi ambiri olongolola. Atamaliza sukulu anapeza ntchito ya ukalaliki pa chipatala chaching'ono cha m'dera lawo. Ankalemba makadi a odwala, kuwasanja m'makabati achitsulo, ndi kuwafunafuna akasowa. Anakwatiwapo, koma banja silinayende, ndipo anabwerera kwa bambo ake ndi sutikesi imodzi ndi laputopu yakale imene mlamu wake anaitaya chifukwa inkangozima yokha. Bambowo sanafunse zambiri. Anamasula laputopuyo, anaipukuta fumbi, anasintha kafani kake, ndipo inasiya kuzima. Pa laputopu imeneyo ndi pamene Kachingwe anaphunzirira kulemba mapulogalamu, akaweruka kuntchito ndi Loweruka masana, kwa zaka zisanu, anzake akumuseka kuti kalaliki wayamba kulota za uinjiniya.

Chimene chinkamudya mtima chinali mapepala a anamwino oyendera odwala m'makomo. Anamwinowo analipo asanu ndi mmodzi, ndipo ankapita kwa anthu a matenda a shuga, a kuthamanga kwa magazi, ndi okalamba amene miyendo inawakana. Aliyense ankanyamula mafayilo m'chikwama. Mapepala ena ankanyowa ndi mvula, ena ankatsala m'basi, ena ankabwera atalembedwa ndi anthu awiri zinthu zosiyana. Komanso theka la odwalawo ankakhala kumunsi kwa chitunda, kuseri kwa fakitale imene inatsekedwa kalekale, kumene netiweki imafika ngati mlendo wamanyazi: umaiona pakhomo, ukatembenuka yapita. Mapulogalamu ogula amene chipatala chinayesapo onse ankafuna intaneti nthawi zonse, ndipo kumunsiko ankangozunguza kampira pagalasi la foni osachita kanthu.

Kachingwe anaganiza kuti foni iyenera kuchita ngati namwino wodziwa ntchito, amene amayamba waona pamene ali asanatsegule chikwama. Pulogalamu imene anapanga inkazindikira malo. Namwino akangofika pakhomo la wodwala, tsamba la wodwalayo linkatseguka lokha, osachita kufufuza dzina ndi zala zovala magolovesi. Akalowa m'chipinda cha odwala kwambiri kapena m'nyumba ya mapemphero, foni inkakhala chete. Batire likatsala pang'ono, inkasiya kaye zithunzi za mabala n'kusungira mphamvu zinthu zofunika, mankhwala ndi miyezo ya magazi.

Koma mtima wa ntchito yonseyo unali kachigawo kosaoneka kamene iye anakatcha Wapakati. Wapakati analibe tsamba lake, analibe batani loti munthu adine. Ntchito yake inali kunyamula basi. Mafoni awiri a anamwino akayandikana, kaya m'basi kaya pampopi wosambira m'manja, ankapatsana zimene aliyense walemba popanda intaneti. Foni imene yayamba kufika pamene pali netiweki inkatula katundu wa onse mu kompyuta ya kuchipatala, n'kutenga zimene zabwera zatsopano. Choncho zolembedwa kumunsi zinkakwera chitunda m'thumba la aliyense amene akukwera.

Popanga Wapakati panali funso limodzi lofunika yankho: anthu awiri akalemba zosiyana pa mzere umodzi, zoona zikhale ziti? Kachingwe anayankha mmene ambiri amayankhira, kuti wolemba pomaliza ndiye ali ndi mawu. Foni iliyonse imadinda nthawi pa chimene yalemba, ndiye Wapakati azingoyerekeza nthawizo n'kusunga chochedwa kulembedwa. Lamulo limenelo analilemba m'mizere inayi, Lachiwiri lina madzulo, tiyi akuzizira pambali, ndipo sanaliganizirenso.

Adokotala oyang'anira chipatalacho, mayi wamfupi wosakonda zozungulira, analola kuti ayese. Miyezi isanu ndi itatu inadutsa bwino. Mafayilo anasiya kusowa. Zipatala ziwiri za madera oyandikana zinatumiza uthenga kuti zikufuna kudzaona. Ngakhale Sisitala Mafulumira, namwino wamkulu pa onse, amene poyamba ankati anabadwa ndi bolopeni m'manja ndipo adzaikidwa nayo, anayamba kuitcha foniyo mdzukulu wawo. Dzina lawolo linabwera chifukwa sanachedwepo pa chilichonse. Pamsonkhano wa 8 koloko ankapezeka atakhala kale, atapukuta ndi tebulo lomwe. Kumaliro, kuukwati, pokwerera basi, iwo ndiwo ankalandira anzawo.

Bambo a Kachingwe anali mmodzi mwa odwala a Sisitalawo. Shopu anatseka maso atayamba kuchita mdima, ndipo pa mawailesi onse anasunga imodzi yokha, ya bokosi lamatabwa, imene ankati sinawanamizepo. Nyumba yawo inali kumunsi komweko. Ankamwa mapiritsi awiri a kuthamanga kwa magazi m'mawa uliwonse. Sisitala ankabwera Lolemba ndi Lachinayi, kuwayeza, kukangana nawo za mchere, n'kumapita. Kachingwe anadziikira lamulo loti asamawerenge masamba a odwala, ngakhale la bambo ake lomwe, poti zimenezo ndi za wodwala ndi omuthandiza.

Lachinayi lina, Sisitala ndiwo anawapeza. Anafika msanga monga mwa masiku onse, n'kupeza bambowo atakhala pansi pakhonde, atatsamira chitseko, magazi akutsika pamwamba pa diso n'kumadontha pa malaya. Bambowo anati anaimirira kuti akathirire duwa lawo la m'chitini, dziko linazungulira, ndipo chotsatira chimene anaona ndi miyendo ya mpando. Sisitala anawamanga bala, anaitanitsa galimoto ya hayala, n'kubwera nawo kuchipatala. Kachingwe anawaona akulowa ali pa desiki yake.

Anawasoka katatu. Adokotala atawayeza anapeza kuti kuthamanga kwa magazi kwatsika kwambiri.

"Mukumwa angati, Bambo?"

"Awiri, Adokotala, monga munanenera. Ine pa mankhwala sindiba. Pa mchere pokha."

Adokotala sanaseke. Anati Lolemba m'mawa, ataona zotsatira za magazi a bambowo, anachepetsa mankhwala kuti azimwa piritsi limodzi. Anazilemba mu pulogalamu, podziwa kuti Sisitala aziona tsiku lomwelo n'kukawauza. Anatulutsa foni yawo, anatsegula tsambalo, n'kuliloza kwa Kachingwe. Panalembedwa mapiritsi awiri. Za limodzi panalibe n'komwe. Kwa masiku atatu bambo ake anali akumwa mankhwala opitirira muyezo, ndipo pulogalamu ya mwana wawo inali ikuvomereza.

Wapakati ankasunga kaundula wa chilichonse chimene wanyamula. Kachingwe anamutsegula n'kusindikiza mizere ya Lolembalo. Inali inayi. Nthawi ya 9:15, Adokotala analemba piritsi limodzi. Nthawi ya 9:20, kompyuta ya kuchipatala inapereka uthengawo ku foni ya Sisitala, imene inali itagwira netiweki pamwamba pa chitunda, pokwerera basi. Nthawi ya 9:35, Sisitala analemba kuti wodwala apitirize awiri. Masana mafoni anakumana m'chipinda chomwera tiyi, ndipo mawu a Sisitala anafalikira kwa onse. Pepalalo linkanena momveka bwino: namwino analandira mawu a dokotala, anatsika chitunda, n'kulemba zake pamwamba.

Sisitala ataitanidwa anaima manja ali kutsogolo. Anati za manambalawo sakuzidziwa, koma pamwamba pa chitunda anadutsa akukwera, osati akutsika. Anali atachoka kale kwa bambowo, atalemba kale, akupita kwa wodwala wina. Mawu a piritsi limodzi sanawaone, pa nthawiyo ngakhale pambuyo pake. Anatero kamodzi, ndipo sanabwerezenso.

"Chimodzi chanama," anatero Adokotala, "makina anu kapena namwino wanga. Lolemba pamsonkhano ndikufuna kudziwa."

Anafotokozanso chimene chidzatsatire. Ngati ndi makina, onse abwerera ku mapepala tsiku lomwelo, ndipo zipatala ziwiri zija aziuza kuti zisavutike kubwera. Ngati ndi namwino, Sisitala asiya kuyendera odwala, azikhala pa windo lolembera mayina mpaka adzapume pantchito.

Pofika Lachisanu, nkhani inali itazungulira makonde onse. Anamwino achichepere ankanong'onezana kuti zala zakale ndi magalasi a mafoni sizimvana, kuti munthu angathe kufika msanga kulikonse koma maso n'kukhala atatsala m'mbuyo. Wina anamusisita Kachingwe paphewa n'kumuuza kuti asadandaule, pepala lamuyeretsa. Pepalalo linali m'chikwama chake, litapindidwa kanayi. Sankafunika kunama. Sankafunika ngakhale kulankhula. Lolemba akanangoliika patebulo, zaka ziwiri zimene anathera pa Wapakati zikanapulumuka.

Tsiku lonselo anawerenga mizere ya pulogalamu yake umodzi ndi umodzi. Anatenga mafoni awiri a muofesi, kulemba zosiyana, kuwatalikitsa, kuwayandikitsa, kuzimitsa imodzi pakati pa ntchito. Wapakati sanaphonye ngakhale kamodzi. Nthawi ya chakudya anapita kuseri kwa nyumba yosungira mankhwala, pamene pali benchi yothyoka mwendo, n'kupemphera pemphero lalifupi. Sanapemphe kuti pulogalamu ipulumuke. Anachita manyazi kupempha zimenezo. Anangopempha kuti aone chimene sakuchiona.

Atafika kunyumba anapeza bambo ake atakhala pampando wawo, pulasitala ali pamphumi, akudzitama kuti tsopano akuoneka ngati munthu amene anamenyapo nkhondo. Anawafotokozera zonse, n'kuwawerengera mizere inayi ija. Bambowo anamvetsera atatseka maso. Kenako anati Sisitala aja sanama, ngakhale pa zinthu zimene bodza likanawathandiza onse awiri. Anakumbukanso za kasitomala wina wa kale amene ankaumirira kuti wailesi yake imamugwira magetsi, pamene mita yoyezera inkasonyeza kuti zonse zili bwino. Anakangana naye masiku awiri, mpaka anazindikira kuti batire la mita yawoyo ndi limene linatha.

"Ndinkayeza wailesi ya munthu, mwanangu, osayeza choyezera changa."

Kachingwe anati choyezera chake wachiyeza tsiku lonse. Bambowo anati ndiye kuti sanachimalize, n'kupempha tiyi.

Loweruka m'mawa Sisitala anabwera, ngakhale silinali tsiku lawo, atavala diresi yamaluwa m'malo mwa yunifolomu. Anati abwera kudzaona bala. Kwa Kachingwe anangopereka moni, mwaulemu umene unamupweteka kuposa mawu okalipa. Anasintha pulasitala, anawayeza bambowo, anafunsa ngati amwa limodzi lokha. Bambowo anayankha kuti amwa limodzi, ndipo linzakelo likulira m'botolo chifukwa chosungulumwa. Wailesi yamatabwa inkaimba pansipansi pa kabati. Sisitala anayang'ana foni yawo n'kuyamba kulongedza, akuti hafu pasiti teni yakwana, ali ndi kokafika. Asanatseke chikwama nyimbo inatha, ndipo woulutsa mawu ananena kuti nthawi tsopano ndi 10 koloko.

"Mayi, khalani pansi," anatero bambowo. "Wailesi yangayi yakhala nane zaka makumi atatu. Ikati teni, ndi teni. Hafu yanuyo mwaiba kuti?"

Sisitala anamwetulira pang'ono n'kunena kuti foni yawo ili ndi nthawi yakeyake. Kachingwe anali ataima pakhomo la kukhitchini ndi makapu awiri. Anawaika pansi mosamala, ngati angathe kuphulika, n'kupempha kuti aione foniyo. Pamwamba pa galasi panalembedwa 10:30.

Sisitala anakhala pansi. Nkhani imene anafotokoza anali asanauzepo aliyense pachipatalapo. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi zapitazo amuna awo anagonekedwa m'chipatala chachikulu. Tsiku lina Sisitala ataweruka anaona kuti nthawi ilipo, anaima panjira kuti awagulire malalanje, ndipo basi inawasiya. Anakwera yotsatira. Atafika anapeza bedi atayalula kale, matiresi ali opanda nsalu. Amuna awo anali atatsirizika mphindi makumi awiri m'mbuyomo. Mlungu womwewo anatsogoza wotchi ya pakhoma ndi ya pamkono ndi theka la ola. Foni iliyonse imene akhala nayo, chinthu choyamba chimene amachita ndi kuiletsa kudzikonzera yokha nthawi, n'kuitsogoza.

"Ndimadziwa kuti ikunama," anatero. "Koma miyendo yanga imaikhulupirira."

Kachingwe anatulutsa pepala lija n'kuliyala patebulo. Anachotsa theka la ola pa mzere wa Sisitala, ndipo 9:35 inasanduka 9:05. Mizere inayi ija inasinthana malo. Sisitala analemba awiri pa 9:05, Adokotala asanalembe kanthu. Anakwera chitunda, foni inalandira mawu a piritsi limodzi, ndipo netiweki inathawa foniyo isanatumize zake. M'thumba mwawomo Wapakati anayerekeza nthawi ziwirizo, anaona kuti 9:35 ndi yochedwa kuposa 9:15, n'kufafaniza mawu a Adokotala mwakachetechete, monga anamuphunzitsira. Kwa miyezi isanu ndi itatu sizinachitikepo chifukwa anthu awiri anali asanalembepo pa mzere umodzi m'theka la ola limenelo.

Sisitala atamvetsa, nkhope yawo inagwa. Anati ndiye kuti ndi iwo ndithu amene agwetsa bambowa, ndi chisoni chawo chakale. Anakankhira foniyo kwa Kachingwe.

"Ikonze, mwanangu. Ibwezere nthawi ya anthu onse."

Kachingwe anaigwira. Kukonzako kunali kwa kanthawi kochepa, kungodina malo amodzi. Anayang'ana manambala aja, kenako anaibweza m'manja mwawo n'kupinda zala zawo pamwamba pake. Anati wotchiyo ndi yawo, ndipo palibe amene anawauzapo kuti mankhwala a anthu atsamira pa iyo. Amene anaika katundu wotere pa wotchi ya munthu wina osafunsa ndi iye. Bambo ake anatsokomola n'kufunsa ngati tiyi uja anthu amwe kapena amusunge kuti adzakhale mboni Lolemba.

Pamsonkhano wa Lolemba, Sisitala anali atakhala kale pamene ena ankalowa. Kachingwe anaimirira Adokotala asanamutchule. Anati makina ndiwo ananama, ndipo amene anawaphunzitsa bodzalo ndi iye. Anajambula pa bolodi chitunda, nyumba kumunsi, chipatala kumtunda, n'kusonyeza mmene zinayendera. Ananena kuti foni ina inali ndi wotchi yotsogola, koma chifukwa chake sanachitchule, ndipo Sisitala anangoyang'ana manja awo. Namwino uja amene anamusisita paphewa anaweramitsa mutu.

Adokotala anati ngati vuto ndi wotchi imodzi, aikonze, nkhani ithe. Kachingwe anapukusa mutu. Anati m'mawa womwewo wayendera mafoni onse asanu ndi imodzi, ndipo palibe awiri amene anali ndi nthawi yofanana. Ina inali m'mbuyo ndi mphindi zinayi. Ina batire likatheratu imabwerera ku chaka chimene inapangidwa. Komanso ngakhale mawotchi onse akanakhala olondola, funso limene Wapakati ankafunsa linali lolakwika. Kulemba pomaliza sikutanthauza kuti munthu waona zimene mnzake walemba. Anapempha milungu iwiri kuti amuphunzitse funso lina.

Adokotala anagogoda tebulo ndi bolopeni. Anakumbutsa onse zimene ananena Lachinayi, kuti ngati ndi makina abwerera ku mapepala. Kenako anati pepala silinabwerepo kwa iwo kudzaulula kulakwa kwake. Anapereka milungu iwiriyo, koma analamula kuti kwa miyezi itatu kusintha kulikonse kwa mankhwala kuzilembedwanso papepala, ndipo namwino aziuzidwa pakamwa. Zipatala ziwiri zija zidikire kaye. Sisitala apitirize ntchito yawo.

Milungu iwiriyo Kachingwe anaithera pa desiki yake ya pafupi ndi zenera, pakati pa makabati achitsulo amene kale ankasanjamo makadi. Anafafaniza mizere inayi ya lamulo lakale lija, n'kulemba ina yoposa mazana atatu. Tsopano chilichonse chimene munthu walemba chinkanyamula kachizindikiro kosonyeza zimene wolembayo anali ataziona kale pa mzerewo. Wapakati sankayang'ananso wotchi. Ankafunsa kuti, kodi uyu polemba anali ataona za mnzakeyo? Ngati anaona, mawu ake alowe m'malo. Ngati onse awiri analemba asakudziwana, pa zinthu zazing'ono azisunga zonse ziwiri. Koma pa mankhwala asasankhe. Aike mizere yonse iwiri pagalasi, umodzi pamwamba pa unzake, ndi mayina a olemba, aimbe belu ngakhale foni itatsekedwa mawu, ndipo tsambalo lisatsekeke mpaka munthu ayankhe. Anamwino anadandaula kuti mdzukulu wa Sisitala wayamba makani. Kachingwe anati ndi mmene ayenera kukhalira.

Poyesa, anatenga foni imodzi n'kuitsogoza ndi chaka chathunthu, ina n'kuibweza m'mbuyo mpaka tsiku limene iye anali asanabadwe. Wapakati sanasokonezeke. Anaitana Sisitala kuti aone, ndipo iwo anati foni yotsogola chakayo awapatse iwo, mwina ingawathandize kudzafika msanga kumwamba.

Patapita mwezi, Lolemba lina, Kachingwe anali kunyumba pa tchuthi cha masiku awiri, akuchapa makatani kuseri. Sisitala anabwera, anayeza bambowo, anakangana nawo za mchere, analemba kuti apitirize piritsi limodzi, n'kutsanzika. Chilonda cha pamphumi chinali chitapola, kungotsala kamzere koyera kamene bambowo ankauza alendo kuti ndi ka mpira wa ubwana wawo.

Sipanapite nthawi, geti linaliranso. Anali Sisitala omwewo, akupuma mofulumira, thukuta lili pamphuno, foni ili m'manja. Anati atangofika pamwamba pa chitunda mdzukulu wawo anayamba kukuwa m'thumba. Anasonyeza galasi kwa Kachingwe, amene anabwera manja ali thovu lokhalokha. Panali mizere iwiri. Wa pamwamba unali wawo, piritsi limodzi m'mawa. Wa pansi unali wa Adokotala, amene m'mawa womwewo anaona zotsatira zatsopano n'kulemba kuti piritsilo azilidula pakati, theka m'mawa, theka madzulo. Pansi pake panali mawu ochepa akuti awiriwa analemba asanaonane, afunsane. Sisitala anati anaimba kuchipatala ali pamtunda pomwepo, Adokotala anatsimikiza pakamwa monga mwa lamulo lija, ndipo iwo Sisitala anaona kuti kudikira Lachinayi n'kutali.

Kachingwe anawerenga mizere iwiriyo kawiri. Anapukuta manja pa siketi, n'kunena chamumtima mawu oyamika amene mayi ake ankanena chakudya chikafika patebulo.

Bambo ake anafunsa ngati kudula piritsi pakati kukutanthauza kuti mchere auwonjezera pakati. Sisitala anati aiwale. Anatulutsa kampeni kodulira mapiritsi, anadula asanu ndi awiri, n'kuwaika m'kabokosi ka zipinda, akuwerenga masiku mokweza kuti bambowo amve.

"Koma lero ndiye mwachedwa, Mayi," anatero bambowo. "Kutsika kawiri chitunda chimenechi. Wodwala wotsatirayo aziti Sisitala Mafulumira afera panjira."

Sisitala anayang'ana foni yawo, kenako wailesi ya pa kabati, n'kutseka chikwama mosafulumira.

"Sindinachedwe, Bambo. Ndili ndi theka la ola m'thumba."

Kachingwe anawaperekeza mpaka pageti, n'kuima pomwepo akuwaona akukwera, chikwama chili paphewa, mpaka anakhota kuseri kwa khoma la fakitale. Kenako anabwerera ku makatani ake, madzi asanazizire.